Karoboti kanga kakujambula mapu opindika, kodi ndisamukire pa kompyuta yamphamvu?

Nachisale_R, Lolemba 20:41
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo kwa sabata ziwiri tsopano. Ndili ndi karoboti ka matayala awiri ka kafukufuku wanga, kamene kakuyenera kumayenda kokha m'nyumba yosungiramo katundu, kumazemba mashelefu ndi anthu. Ubongo wake ndi kakompyuta ka Raspberry Pi 4 ka RAM 2GB, Ubuntu 22.04, ROS 2 Humble (mapulogalamu oyendetsera maroboti). Pamwamba pali lidar ya RPLidar A1 (sensa yozungulira yoyeza mtunda wa zinthu ndi laser), kutsogolo kamera ya USB, ndipo ma mota akulamulidwa ndi Arduino imene imatumizanso mawerengero a ma encoder (masensa owerenga kuzungulira kwa matayala). Mapu ndikujambula ndi pulogalamu ya slam_toolbox (ya SLAM, kujambula mapu uku karoboti kakudziwa pamene kali), kuyenda ndi pulogalamu ya Nav2.

Kakamayenda molunjika zonse zili bwinobwino. Kakangokhota, khoma limodzi limasanduka makoma awiri kapena atatu pamapu, ngati munthu wajambula ataledzera. Mu log mwadzaza mizere iwiri iyi: "Message Filter dropping message: frame 'laser'" ndi "Control loop missed its desired rate of 20.0000Hz". Dzulo kanakagunda mwendo wa tebulo umene kanauona bwinobwino. Woyang'anira kafukufuku wanga akuti ndilembe zofunika kugula pofika Lachisanu. Ndilembe kompyuta ina, kapena ndingotaya ndalama?

Mjoni_Tech, Lolemba 20:49
Achemwali musadzivute. Pi ndi ya ana asukulu yoyatsira ma LED. Gulani kompyuta ya Jetson basi, nkhani yatha. Kuno ku Johannesburg ndikhoza kukufunirani n'kutumiza pa basi.

Madala wa Mawaya, Lolemba 21:02
A Mjoni, mwayamba kale kugulitsa mankhwala wodwala musanamuyeze? Mwana wanga Nachisale, tayamba watiuza zinthu zitatu karoboti kakuyenda, osati kataima: htop ikuonetsa chiyani pa kutanganidwa kwa CPU ndi RAM, vcgencmd measure_temp ikuti bwanji pa kutentha, ndipo vcgencmd get_throttled (yonena ngati Pi yadzichepetsera liwiro) ikubweza nambala yanji. Komanso Pi imeneyi ikudya magetsi kuchokera kuti?

Nachisale_R, Lolemba 21:30
Zikomo madala. Ma core onse anayi ali pa 100, load average (kuchuluka kwa ntchito zolimbirana CPU) ikusewera pa 7. RAM yatsala pang'ono kudzaza ndipo swap yayamba kugwira. Kutentha 82. get_throttled ikuti 0x50005. Magetsi ndi pawabanki ya foni imene ndinaimangirira pansi ndi mphira.

Madala wa Mawaya, Lolemba 21:44
Ehe, apo. Nambala imeneyo ikulankhula momveka. 5 wakumapetoyo akutanthauza kuti panopa magetsi ndi ochepa ndipo Pi yadzichepetsera yokha liwiro. 5 wakutsogoloyo akuti zimenezi zakhala zikuchitika chiyatsire. Pi imadandaula magetsi akatsika kufika cha pa 4.63V, ndipo pawabanki yokhala ndi kachingwe kowonda, lidar n'kumayamwanso pa USB yomweyo, kufika pamenepo sikuchedwa. Kutenthako nakonso, ikadutsa 80 imayamba kudzibweza. Ndiye Pi imene ukuiweruza kuti ndi yaulesiyo, sunaione ikuthamanga pa liwiro lake lenileni. Peza buck converter (kachipangizo kotsitsa mavoti) ya 5V yotha kupereka 5A, uitenge ku batire la ma mota, mawaya okhuthala ndi aafupi. Uike heatsink ndi kafani. Kenako tidzakambe zogula.

Kamwana ka Arduino, Lolemba 21:47
Pepani kulowerera akuluakulu. Ine poona mutu ndimayesa mukunena maloboti a pamsewu, ndimati mapu akukhudzana bwanji. Ndikhala phee ndiziphunzira.

Nangozo_UK, Lolemba 23:15
Ndangoweruka kumene, ndawerenga zonse. Za magetsi madala anena zoona, chitani zimenezo choyamba. Koma ndikuuzirenitu, sindikukhulupirira kuti zikwanira. slam_toolbox, ma costmap (mapu a zopinga) awiri a Nav2, controller, planner, driver wa lidar ndi kamera, zonse pa RAM ya 2GB, ndi katundu wochuluka ngakhale Pi ikhale mufiriji.

Za Jetson ndikutsutsa, achimwene a Mjoni. Chimene chimadulitsa Jetson ndi GPU (chip yowerengera za zithunzi), ndipo slam_toolbox siigwiritsa ntchito GPU, imawerengera zonse pa CPU. Jetson Nano yakale ija ili ndi ma core anayi a Cortex-A57, amene saposa a Cortex-A72 a mu Pi 4. Kuonjezera apo inatsalira pa Ubuntu 18.04, ndiye Humble kuti ilowe mpaka Docker ndi thukuta. Orin Nano ndi nkhani ina, koma mtengo wake ndi wa munthu amene akufuna kuzindikira zinthu pa kamera ndi neural network. Kodi inu mukuchita zimenezo?

Nachisale_R, Lolemba 23:22
Ayi achemwali, kamera ndi yongoonera kumene kakupita ndikakhala patali.

Mjoni_Tech, Lolemba 23:25
Chabwino ndagonja pa Nano. Nanga Pi 5? Ija ndi Cortex-A76 pa 2.4GHz, yothamanga kwambiri kuposa 4.

Nangozo_UK, Lolemba 23:40
Yothamangadi. Koma Ubuntu 22.04 sinapangidwire Pi 5, mufunika 24.04, kutanthauza kusamukira ku ROS 2 Jazzy pakati pa kafukufuku. Imafunanso 5V 5A, ndipo ikaona kuti magetsi ndi a 3A imachepetsa zopereka ku USB kufika 600mA. Munthu amene wavutika kale ndi magetsi ndingamuganizire kawiri.

Nachisale_R, Lachitatu 18:05
Ndabwerera. Buck converter ndinaipeza ku Limbe, kafani ndinachotsa m'kompyuta yakufa ya mu labu. Tsopano get_throttled ikuti 0x0, kutentha sikukudutsa 61 ngakhale ndi dzuwa la Okutobala lino. Kugunda matebulo kwasiya. Koma ma core akadali odzaza, mzere wa "dropping message" ukubwerabe, wachepa chabe, ndipo mapu akupindikabe pokhota. Ndazimitsanso kamera, kusintha kwake ndi kochepa.

Nangozo_UK, Lachitatu 19:12
Ndiye tiyeni tiyese kompyuta yamphamvu osagula kanthu. Muli ndi laputopu eti? Chitani chonchi. Zimitsani slam_toolbox ndi Nav2 pa Pi, musiye lidar, odometry (kuwerengera kumene kayenda kuchokera ku matayala) ndi robot_state_publisher zokha. Muyendetse karoboti ndi manja pa kiyibodi, njira yomwe ija imapindika, uku mukujambula zimene masensa akutumiza m'thumba (bag) ndi ros2 bag record /scan /odom /tf /tf_static. SLAM ikhale yozima ndithu pojambulapo, apo ayi transform ya map kupita ku odom ilowa m'thumbamo n'kudzalimbana ndi yatsopano.

Thumba limenelo mulikopere pa laputopu, muyatse slam_toolbox ndi use_sim_time:=true, kenako ros2 bag play ndi --clock. Mapu akatuluka oyera, ndiye kuti zimene masensa akutumiza ndi zabwino, Pi ndi imene ikulephera kuzimeza. Akatuluka opindika chimodzimodzi, kompyuta iliyonse imene mungagule idzajambula zopindika zomwezo, mwachangu chabe.

Madala wa Mawaya, Lachitatu 19:31
Ndionjezere kamodzi. Thumba lomwelo uliseweretsenso pa Pi yomweyo koma mochedwetsa, --rate 0.3. Ukatero waipatsa Pi nthawi yochuluka katatu pa scan (kuzungulira kumodzi kwa lidar) iliyonse, zili ngati waigulira CPU yatsopano kwaulere. Mayeso awiriwa akagwirizana, palibenso chokayikitsa.

Kamwana ka Arduino, Lachitatu 19:38
Funso la mwana. Chifukwa chiyani kuchedwa kwa kompyuta kumapinda mapu pokhota pokha? Bwanji poyenda molunjika?

Nangozo_UK, Lachitatu 20:02
Funso labwino, ndipo si la mwana. Lidar ija imazungulira pafupifupi ka 5.5 pa sekondi, scan iliyonse ili ndi chidindo cha nthawi. SLAM ikalandira scan imafunsa kuti, pa nthawi imeneyi karoboti kanali pati ndipo kanayang'ana kuti? Kenako imayerekeza scan yatsopanoyo ndi zimene yajambula kale kuti ikonze zolakwika za matayala. CPU ikadzaza, ma scan amaunjikana pamzere, mzere ukadzaza ena amatayidwa. Ndi "dropping message" ija.

Tsopano tawerengerani. Karoboti kakuyenda masentimita 20 pa sekondi, kusokonekera kwa 0.2 sekondi ndi masentimita 4 okha, SLAM imakonza osamva n'komwe. Koma kakamazungulira madigiri 57 pa sekondi, 0.2 sekondi yomweyo ndi madigiri 11, ndipo khoma limene lili mamita 3 kutali lasuntha masentimita 60. Pamenepo scan yatsopano siikugwirizananso ndi yakale, ndiye imangomatidwa pambali. Khoma lachiwiri labadwa.

Nachisale_R, Lachinayi 12:50
Anthuni!! Pa laputopu mapu atuluka oyera ngati ojambula ndi rula. Pa Pi ndi --rate 0.3 chimodzimodzi. Pa Pi ndi liwiro lonse, zopindika zija. Ndasangalala mpaka mlonda wa pa labu anabwera kudzaona ngati kwagwa ngozi.

Ndiye ndinaganiza zochenjera. Ndasiya lidar ndi Arduino pa Pi, SLAM ndi Nav2 ndaziika pa laputopu, zizilankhulana pa WiFi. ROS_DOMAIN_ID ndi imodzi, ma topic akuoneka mbali zonse. Koma tsopano kakukana kusuntha n'komwe. Log ikuti "Lookup would require extrapolation into the future". Zam'tsogolo ziti abale?

Madala wa Mawaya, Lachinayi 13:10
Lemba date pa Pi, ulembenso date pa laputopu, utiuze.

Nachisale_R, Lachinayi 13:14
Mayo ine. Pi ikuti lero ndi Lachitatu, 6 koloko madzulo.

Madala wa Mawaya, Lachinayi 13:29
Ndi nthawi imene unaizimitsa dzulo. Pi 4 ilibe wotchi ya batire, ikazima nthawi imaima, ikayaka imadikira intaneti kuti iiuze. Rauta ya mu labu mwanumo ndikuganiza ilibe intaneti. Zonse zili pa makina amodzi vutoli silimaoneka, chifukwa wotchi yabodza inali kunamiza aliyense mofanana. Pano laputopu ikufunsa za Lachinayi, Pi ikuyankha za Lachitatu.

Ika chrony, pulogalamu yofananitsa mawotchi, mbali zonse. Pa laputopu, mu chrony.conf, ulembe allow ndi netiweki yanu, komanso local stratum 10 kuti izipereka nthawi ngakhale yokha ilibe intaneti. Pa Pi ulembe server ndi IP ya laputopu, iburst kumapeto, ndi makestep 1 3 kuti idumphe kamodzi poyaka m'malo mokwawa pang'onopang'ono. chronyc tracking ikuuza kusiyana kwatsala. Ukufuna mamilisekondi ochepa, osati masekondi.

Mjoni_Tech, Lachinayi 13:33
Mwaona nanga? Mukanagula chinthu chimodzi champhamvu zonsezi kulibe.

Nangozo_UK, Lachinayi 14:20
Apa a Mjoni akunena zoona, ngakhale afikapo mwangozi. Kugawa ntchito pa WiFi ndi kwabwino poyesera, koma ine sindingalembe zotsatira za kafukufuku pa dongosolo lotero. Controller ikuyenera kutumiza lamulo ka 20 pa sekondi. WiFi ikatsokomola theka la sekondi, karoboti kakuyendabe ndi lamulo lomaliza pokhapokha Arduino yanu ili ndi malire a nthawi oimitsira ma mota. Muli nawo? Ngati mulibe, ikani lero.

Ndipo kamera ija musaiyatse yaiwisi pa WiFi. Chithunzi cha 640 x 480, mabayiti 3 pa kadontho, ka 30 pa sekondi, ndi ma MB oposa 27 pa sekondi iliyonse. Imeneyo yokha ikhoza kutsamwitsa rauta, /scan n'kumafika mochedwa. Gwiritsani ntchito compressed ya image_transport, muchepetsenso mafelemu.

Nachisale_R, Lachinayi 21:48
chrony yagwira, kusiyana kuli pansi pa mamilisekondi 2. Kayenda! Mapu oyera, Nav2 siikudandaulanso za 20Hz. Koma zimene munanena achemwali zachitika pamaso panga. Katafika kuseri kwa makabati achitsulo siginolo inagwa, kanapitirira kokha mpaka kukhoma. Malire a nthawi aja ndinali ndisanaike, ndavomera kulakwa. Ndaika tsopano, lamulo likasowa kwa theka la sekondi ma mota aziima. Kenako magetsi anazima, rauta nayo zii, kuyesa kunathera pomwepo.

Ndiye mawa ndilemba kompyuta yokwera pa karoboti pomwepo. Mnzanga wa dipatimenti ina ali ndi ka mini PC ka Intel N100, RAM 16GB, wandibwereka kwa mwezi kuti ndiyesere ndisanagule kanga.

Nangozo_UK, Lachinayi 22:10
Chisankho chabwino. Ma core anayi a x86, Ubuntu 22.04 imalowa bwino, Humble mukhalabe nayo, ndipo kali ndi wotchi yakeyake ya batire. Zinthu ziwiri musanayambe kulira. Workspace yanu musaikopere yonse, tengani src yokha n'kupanganso colcon build. Za mu build ndi install zinapangidwira ARM, pa x86 zingokuuzani "Exec format error". Chachiwiri, onani pa adaputala yake kuti kamafuna mavoti angati, tambiri timafuna 12V. Batire la LiPo la 3S limayamba pa 12.6V n'kumatsika mpaka cha m'ma 10, ndiye pakati pafunika buck-boost yoti igwire 12V osagwedezeka.

Woyang'anira Gulu, Lachinayi 22:15
Ndachotsa mauthenga awiri otsatsa mafoni. Pitirizani, ulusi uwu ndiumata pamwamba.

Nachisale_R, Lolemba 17:36
Kasamuka. Load average yatsika kuchoka pa 7 kufika pa 1.5, zonse zikuyenda pamodzi ndi kamera yomwe. Koma Loweruka lonse linapita ndi chinthu chopusa. Ndikayatsa, nthawi zina lidar imagwira, nthawi zina driver wake amafa ndipo ma mota amangoti duu. Ndinayesa mini PC ndi yowonongeka. Kenako ndinaona kuti /dev/ttyUSB0 ndi /dev/ttyUSB1 zikusinthana. Pa Pi lidar inkapezeka yoyamba nthawi zonse, ndiye ndinazolowera kuti ndi 0. Pa makina atsopanowa aliyense amene wayamba kuonekera ndi amene akutenga 0, driver wa lidar n'kumalankhula ndi Arduino.

Ndalemba udev rule yopatsa chipangizo chilichonse dzina lokhazikika. lsusb inandionetsa kuti lidar ili pa chip ya CP2102, 10c4:ea60, pamene Arduino yanga ndi ija yotchipa ya CH340, 1a86:7523. Tsopano ndili ndi /dev/lidar ndi /dev/mota, sizikusinthananso. Ndikulemba pano kuti wina asadzataye Loweruka lake.

Mjoni_Tech, Lolemba 17:41
Ndiye nkhani yatha, hardware yapambana. Ndinanena tsiku loyamba ine. Fanta yanga ikhale yozizira.

Madala wa Mawaya, Lolemba 18:20
Fanta idikire kaye, kuthamanga si kufika. Pali chinthu chakhala chikundidya kuyambira Lachitatu. Pi inkataya ma scan, inde. Koma scan ikatayika, SLAM imadalira matayala mpaka ina ifike, ndipo matayala akamanena zoona mapu sayenera kupindika moipa chonchija. Ndikukayikira kuti odometry yako imanama pokhota, ndipo kompyuta yatsopanoyi ikungokonza bodzalo msangamsanga usanalione.

Yesa ichi. Zimitsa SLAM. Mata tepi pansi, uloze kutsogolo kwa karoboti pa tepiyo. Kazungulitse pamalo pomwepo maulendo 10 enieni, pang'onopang'ono, ukuwerenga ndi maso, ukaimitse pa tepi pomwe. Kenako uone kuti /odom ikuti kazungulira kangati.

Nachisale_R, Lolemba 19:55
Madala mumalodza kapena? Odom ikuti 10.6. Ndabwereza katatu, mbali zonse ziwiri, ikungosewera pomwepo. Molunjika ndayeza mamita 3 ndi tepi, odom ikuti 3.01.

Madala wa Mawaya, Lolemba 20:14
Sindilodza, ndinapsapo kale. Molunjika zili bwino, ndiye kukula kwa tayala ndi mawerengero a encoder n'zolondola. Cholakwika ndi mtunda wa pakati pa matayala. Kuzungulira kumawerengedwa potenga kusiyana kwa mtunda wa tayala lamanja ndi lamanzere n'kugawa ndi mtunda umenewo. Nambala yogawirayo ikachepa, yankho limakula. Unalemba zingati pa wheel_separation, ndipo unayeza kuchokera pati?

Nachisale_R, Lolemba 20:19
0.30. Ndinayeza kuchokera mkati mwa tayala kufika mkati mwa linzake. Ndaona kale kulakwa kwanga, musanene.

Madala wa Mawaya, Lolemba 20:26
Ndinena pang'ono chifukwa Kamwana akuwerenga. Amayeza pakati pa pamene mphira ukugunda pansi, mbali zonse. 0.30 kuchulukitsa ndi 1.06 ndi 0.318. Lemba imeneyo, ubwereze maulendo 10 aja mpaka odom inene 10. Pa ngodya iliyonse ya madigiri 90 kamanama madigiri opitirira 5, ngodya zinayi za chipinda n'kupitirira 21.

Nangozo_UK, Lolemba 21:03
Apa ndavula chipewa. Mayeso a thumba amene ndinapereka aja sakanagwira ichi, chifukwa laputopu inali ndi mphamvu zokonzera scan iliyonse. Mukanadzachiona tsiku loyesera m'nyumba ya katundu yeniyeni, m'kanjira kataliatali ka mashelefu ofanana, mmene lidar ilibe chogwira n'kumadalira matayala. Ndipo mukanadzaloza chala mini PC.

Kamwana ka Arduino, Lolemba 21:10
Ndiye tsopano ndi 0.318 Pi 4 ija ikhoza kukwanitsa yokha? Kapena mini PC ikufunikabe?

Nachisale_R, Lachiwiri 16:44
Funso lako linandisowetsa mtendere, ndiye ndayesa m'mawa uno. Ndabwezera Pi, ndajambula thumba latsopano ndi 0.318. Kujambula mapu kokha, popanda Nav2 ndi kamera, Pi ikukwanitsa, makoma akutuluka amodziamodzi. Ndikayatsa Nav2 pamwamba pake, "missed its desired rate" ija ikubwerera ndipo kakuyenda modukizadukiza. Ndinatsitsa controller_frequency kufika 10 ndi kukulitsa resolution ya costmap, kanayenda ndithu, koma kakuchedwa kuona munthu akadutsa kutsogolo, ndipo kafukufuku wanga ali pa kuzemba anthu kumene. Ndiye papepala logula ndalemba mini PC ndi buck-boost. Jetson sindinalembe, pepani achimwene.

Mjoni_Tech, Lachiwiri 16:52
Palibe kanthu achemwali, theka la Fanta ndilandira. Batire likukhala nthawi yaitali bwanji ndi mini PC?

Nachisale_R, Lachiwiri 17:05
Musandikumbutse. Ndi Pi ndi buck converter limatha pafupifupi maola awiri, pano mphindi 70 alamu ya LiPo yayamba kulira. Ndipo kalemera kumbuyo, pokwera pakhomo pa labu kakumanyamula mphuno. Ndiyesa kusunthira batire kutsogolo mawa.

Madala wa Mawaya, Lachiwiri 17:18
Ukasuntha batire ubwerezenso maulendo 10 aja, kulemera kukasintha mphira umagunda pansi mosiyana. Lidar nayo uione ndi levulo, ikapendekeka pang'ono iyamba kujambula simenti ngati khoma.

Kamwana ka Arduino, Lachiwiri 17:21
Achemwali a Nachisale, nanga Pi 4 ija ikhala ikuchita chiyani tsopano? Ndikufunsira mnzanga.

Nachisale_R, Lachiwiri 17:24
Uza mnzakoyo kuti ndi ya labu, inalembedwa m'kaundula. Koma akabwera Lachisanu masana adzandigwirire tepi, ndimuonetsa mmene amajambulira thumba.